Mmene mungadzutsire chaluso choyaka magetsi chimene chinazima pamalo ofikira alendo pakampani

Makampani akuluakulu akamanga likulu amakonda kuika chinthu chaluso pamalo ofikira alendo, paja munthu amaima akudikira chikepe. Zina mwa zinthuzi n'zoyaka magetsi. Mu 1959 kampani ya Clairol inapempha Thomas Wilfred kuti aipangire chaluso cha kuwala koyenda pang'onopang'ono, chotchedwa Study in Depth, cha mu ofesi yake ku New York, ndipo lero chimasungidwa ku Hirshhorn Museum ku Washington. Mu 1980 Chryssa, mayi wobadwira ku Athens, anapachika m'nyumba ya maofesi ya 33 West Monroe ku Chicago chaluso chotalika mamita 21, cha machubu a neon amene mutawalumikiza angapitirire mamita 270. Mu 2006 Jenny Holzer anaika khoma la mawu oyenda a LED kumbuyo kwa tebulo lolandirira alendo ku 7 World Trade Center.

Chithunzi chopenta chikhoza kukhala pakhoma zaka zambirimbiri popanda wochikhudza. Chaluso cha magetsi sichitero, chifukwa m'kati mwake muli zinthu zomwe zimatha: machubu, mawaya, mathiransifoma, timota, kakompyuta kochiyendetsa. Kawirikawiri sichifa tsiku limodzi. Chimayamba chubu chimodzi kuphethira, kenako mbali yonse kuda, alonda n'kuyamba kuchizimitsa chifukwa chikulira usiku, nyumba n'kugulitsidwa, eni atsopano n'kupeza chinthu chafumbi chimene palibe akukumbuka kuti chinkayaka bwanji.

Malangizo awa ndi a woyang'anira nyumba, wamagetsi, kapena aliyense amene abwana amuuza kuti "tachionani chinthu chija chiyambenso kuyaka". Musanayambe, gwirani mfundo imodzi. Simukufuna kuti chiwale kuposa kale, kapena chioneke chamakono. Mukufuna chiwale monga anachifunira amene anachipanga: mtundu womwewo, mphamvu yomweyo, liwiro lomwelo. Zolakwika zambiri pa ntchito imeneyi zimachokera kwa anthu a mtima wabwino amene ankafuna "kuchikometsa".

1. Dziwani amene ali ndi mawu pa chalusocho

Mwini nyumba sakhala mwini chaluso nthawi zonse. Mwina ndi cha kampani imene inasamuka, mwina chinabwerekedwa, mwinanso chinaikidwa pa mgwirizano ndi khonsolo ya mzinda. Funani kontirakiti yoyambirira ndi mapepala a inshuwalansi. Makontirakiti ena amanena mwachindunji amene ayenera kuitanidwa chikawonongeka.

Ngakhale kampani itachigula ndi ndalama zake, waluso amakhalabe ndi ufulu wokana kuti ntchito yake isinthidwe m'njira yomuchotsera ulemu. Mfundo imeneyi ili mu ndime 6bis ya pangano la Berne, la mayiko loteteza ntchito za olemba ndi aluso, ndipo mayiko ambiri anailowetsa m'malamulo awo. Ku America kuli lamulo la Visual Artists Rights Act la 1990, ku South Africa lamulo la zokopera la 1978, ku Malawi la 2016, kumene a COSOMA, bungwe loona za ufulu wa aluso pa ntchito zawo, angakuunikireni. Choncho kusintha chubu chofiira n'kuika cha buluu chifukwa ndi mtundu wa kampani si nkhani ya kukoma m'maso chabe, mukhoza kufika nayo kwa maloya.

2. Fufuzani mmene chinkaonekera chikadali bwino

Gawo ili limatopetsa, ndipo anthu ambiri amalidumpha. Musalidumphe. Safunsa anadya phula.

Ngati waluso ali moyo, mulembereni, ndipo akavomera mujambuleni akuyankha. Ngati anamwalira, funani a m'banja lake, bungwe losamala ntchito zake, nyumba yogulitsa zaluso imene inkamuimira, kapena mmisiri amene anamupindira machubu. Mafunso ake akhale achindunji. Kodi mathiransifoma ankafuna azioneka kapena abisidwe? Nanga kulira kwake ndi mbali ya ntchitoyo? Chubu cha mtundu uwu chikasowa pamsika, angalole china chiti? Chiziyaka usana ndi usiku, kapena nthawi zina zokha? Akatswiri a m'nyumba zosungiramo zaluso amachita zimenezi mwadongosolo, ndipo bungwe la INCCA, lomwe linayamba mu 1999, linakhazikitsidwa kuti azigawana nzeru zotere.

Kenako sonkhanitsani zithunzi zakale: za tsiku lotsegulira nyumba, za m'malipoti apachaka a kampani, za m'manyuzipepala. Vidiyo ndi yamtengo wapatali koposa ngati chalusocho chinkasintha mitundu kapena kuyenda, chifukwa ndi mmene mungawerengere masekondi. Koma musakhulupirire mtundu wa pa chithunzi chakale. Kamera imanamiza pa kuwala kwa neon, chofiira chimatuluka ngati chachikasu pakati, ndiponso pepala lachithunzi limasuluka. Chithunzi chikuuzeni malo ndi kaonekedwe, mtundu muutenge ku machubu enieniwo ndi ma invoice a amene anawapanga.

Musaiwale alonda ndi okolopa amene akhala pamalopo nthawi yaitali. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti poyamba mbali yakumanzere inkayamba kuyaka, yakumanja n'kutsatira, kapena kuti chinayamba kuvuta denga litadontha.

3. Zimitsani magetsi, mukhome, ndiyeno muyeze

Neon imagwira ntchito ndi mphamvu yoopsa. Thiransifoma yake imatulutsa mavolti kuyambira cha m'ma 2,000 mpaka 15,000 pa zipangizo za ku America, pomwe ku Ulaya malire ndi 10,000. Mphamvu yoyenda m'chubu ndi yochepa, kawirikawiri mamiliampu 30 kapena 60, koma ikakumenyani muli pamwamba pa makwerero, chimene chingakupheni ndi kugwako.

Pezani buleka imene imadyetsa chalusocho, muizimitse, muikhome ndi loko, kiyi akhale m'thumba mwanu, ndipo mumatepo chikwangwani chokhala ndi dzina lanu. Mukatero yezani ndi mita kuti mutsimikize. Zaluso zambiri za m'maofesi zimadya magetsi kuchokera mbali ziwiri kapena zitatu, ndipo zina zili pa mzere wa jenereta kapena wa batire, moti buleka imodzi siizimitsa zonse. Makapasita, tizipangizo tosunga magetsi m'kati mwa makina, amasunga mphamvu ngakhale mwazimitsa, makamaka m'ma TV akale a msana aja. Ntchito yolowa m'mawaya igwiridwe ndi wamagetsi wa chiphaso, amene ku Malawi amavomerezedwa ndi MERA, ndipo akhale woti anagwirapo zikwangwani za neon. Wodziwa kuwayira nyumba yekha sakwanira.

Pali zinthu ziwiri zapoizoni zoti muzisamale. Choyamba ndi mercury. Chubu chokhala ndi mpweya wa neon weniweni chimayaka chofiirira ngati lalanje ndipo mulibe mercury, koma pafupifupi mitundu ina yonse, buluu, wobiriwira, woyera, imachokera ku mpweya wa argon wosakaniza ndi kadontho ka mercury, m'chubu chopakidwa ufa wa phosphor m'kati. Machubu a fulorosenti nawonso ali ndi mercury. Chikasweka, tulutsani anthu, zimitsani makina oziziritsa mpweya, tsegulani zitseko kwa mphindi 15, ndiyeno muwole zidutswa ndi katoni, tizidutswa tating'ono muzitole ndi tepi yomata, zonse muike m'botolo lotseka. Osasesa ndi tsache, osapopa ndi makina opopera fumbi, chifukwa mumangomwaza poizoniyo m'chipinda chonse. Chachiwiri ndi mafuta a PCB, omwe ankaikidwa m'mabalasiti a fulorosenti akale (timabokosi toyendetsa magetsi a m'chubu), America isanaletse kuwapanga mu 1979. Balasiti yakale yopanda chizindikiro chakuti mulibe PCB, makamaka ikamachucha zakudazakuda, muigwire ndi magolovesi ndipo isapite m'bini wamba.

4. Jambulani ndi kulemba chilichonse musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe

Tengani kope, kamera, tepi yoyezera ndi timapepala tomangirira. Jambulani mapu a chaluso chonse ndipo chidutswa chilichonse muchipatse nambala: chubu A1, A2, thiransifoma T1, waya wochoka ku T1 kupita ku A1. Nambalayo muimangirire ndi ulusi, osati kulemba pagalasi kapena kumata tepi yosiya ulimbo. Kapepala ka pa thiransifoma iliyonse mukajambule pafupi kuti manambala aziwerengeka. Lembani kukula kwa chubu chilichonse, poti machubu a neon amasiyana kuyambira mamilimita 8 mpaka 15 kapena kuposerapo, ndipo chopyapyala chimawala mwamphamvu kuposa chonenepa pa mphamvu yofanana.

Ngati wamagetsi waona kuti n'zotheka kuyatsa mwachidule popanda ngozi, yatsani, mujambule vidiyo, ndipo muyeze kuwala ndi mita yake mutaima pamalo amene mwaikapo chizindikiro pansi. Manambala amenewa mudzawafuna pomaliza. Ngati pali fungo la kupserera, mawaya osweka khungu kapena madontho a madzi, musayatse n'komwe.

Lembaninso zimene anthu ena anakonzapo kale. Mudzazipeza ndithu: chubu chimodzi choyera mosiyana ndi anzake, waya wolumikizidwa ndi tepi, thiransifoma yatsopano pakati pa zakale. Zimenezi si za waluso, ndipo musatengere chitsanzo pa izo.

5. Pezani chimene chinafa kwenikweni

Kuzima kwa chubu sikutanthauza kuti chubucho chafa. Pa neon, machubu angapo amalumikizidwa motsatana pa thiransifoma imodzi, ndiye chimodzi chikang'aluka onse a mzerewo amazima. Pali kachipangizo kam'manja koyezera machubu, kamene mukakayandikitsa pagalasi mpweya wa m'kati umayaka ngati chubu chili bwino. Yezani chimodzichimodzi, mulembe zotsatira pa mapu aja.

Maso anu akuuzaninso zambiri. Kuda kumapeto kwa chubu, pafupi ndi kachitsulo kolowetsa magetsi, ndi chizindikiro chakuti kachitsuloko kakutha. Chubu cha buluu kapena choyera chowala mbali imodzi, mbali ina n'kukhala chozilala, nthawi zambiri mercury yasonkhana kumodzi, ndipo zimenezi zimakonda kuchitika pamalo ozizira kapena ndi mathiransifoma ena ang'onoang'ono amakono. Kuwala kodukaduka ngati mikanda kumachokeranso ku mathiransifoma amakonowa. Timizere takuda tonga tapsa pakhoma kapena pa chogwirizira chubu timasonyeza kuti magetsi ankadumphira pamenepo, ndipo fumbi lonyowa ndi limene limawapatsa njira. Apa ndi pamene moto umayambira.

Pa fulorosenti yambani ndi sitata, balasiti ndi timiyendo togwira chubu. Pa LED, chimene chimayamba kufa kawirikawiri si timababu ayi, koma kabokosi kosintha magetsi, chifukwa makapasita a m'kati mwake amauma ndi kutentha. Timababuto timangozilala pang'onopang'ono. Opanga amakonda kulemba maola 50,000, kutanthauza nthawi imene kuwala kumatsika kufika pa 70 peresenti. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho chaluso choyaka usana ndi usiku chimafika pamenepo zaka 6 zisanakwane. N'chifukwa chake mukasintha gawo limodzi lokha pa khoma la LED lakale, gawolo limaoneka ngati chigamba.

Kumene anthu amalira kwambiri ndi pa kabokosi koyendetsa. Kakhoza kukhala kamota kozungulitsa timaswichi, bolodi yokhala ndi kachipu kosunga dongosolo, kapena kompyuta yakale yotumiza malamulo kudzera mu DMX512, njira imene inayamba mu 1986 ndipo ikugwiritsidwabe ntchito m'mabwalo a zisudzo. Dongosolo la kayakidwe ka magetsi limene lili mmenemo ndi mbali ya chalusocho, ndipo mwina kulibe kwina kumene linasungidwa. Musayese kuyatsa ndi kuzimitsa mobwerezabwereza kuti muone ngati kadzuke. Pezani katswiri akope zonse za m'kachipu kapena mu hard disk, makope akhale awiri kapena atatu, m'malo osiyana. Pokhapokha zitatero m'pamene mungayambe kukakonza.

6. Gamulani: kukonza chakale, kusintha ndi chofanana, kapena kusamukira ku zipangizo zina

Apa m'pamene pamafunika kukhala pansi: mwini, waluso kapena omuimira, katswiri wosamala zaluso, ndi wamagetsi. Ndondomeko yabwino ndi iyi. Chimene chingakonzeke chikonzedwe. Chimene sichingakonzeke chisinthidwe ndi chofanana nacho ndendende. Kusintha mtundu wa chipangizo kukhale komaliza, zonse zikakanika.

Wina pamsonkhanopo adzanena kuti, "Bwanji tingoika LED? Siidya magetsi, siisweka." Zoona, ndipo pa chikwangwani cha sitolo ine sindingatsutse. Koma pa chaluso yang'anani bwino. Chubu cha neon chimawala mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, moti khoma la kumbuyo kwake limalandira kuwala kofewa kumene waluso anakuwerengera. Chingwe cha LED chotsanzira neon chimawalira mbali imodzi. Masana chitazima, neon imaoneka galasi, pomwe LED imaoneka chingwe cha pulasitiki chotuwa. Chofiira cha mpweya wa neon chilinso ndi kutentha kwake m'maso kumene aliyense amene anaziika pamodzi ziwirizi amakuzindikira. Ngati waluso anasankha galasi ndi mpweya, kuika LED ndi kupanga chinthu china n'kuchipatsa dzina lake.

Komabe pali nthawi imene kusintha sikungapeweke, ndipo chitsanzo chabwino ndi cha ku South Korea. Nsanja ya Nam June Paik ya ma TV 1,003, imene inamangidwa mu 1988 ku nyumba ya zaluso ya boma ku Gwacheon, inazimitsidwa mu 2018 poopa moto. Okonza sanathamangire kuchotsa zonse. Ma TV 737 anawakonza kapena kuwasintha ndi akale anzawo ogula kwa ena, ndipo 266 ang'onoang'ono a pamwamba anawaika magalasi a LCD m'kati mwa zikhokho zake zakale. Inayakanso mu 2022, koma tsopano imayatsidwa maola ochepa kuti ikhalitse. Onani mmene anaganizira: asunga chakale pamene n'zotheka, asintha pamene palibe kuchitira mwina, ndipo anena poyera zimene asintha.

Amene muli ndi chaluso cha fulorosenti musazengereze. Mayiko a European Union analetsa kulowetsa pamsika machubu wamba a T5 ndi T8 kuyambira mu Ogasiti 2023, ndipo mayiko a m'pangano la Minamata, lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, anagwirizana chaka chomwecho kuti kupanga machubu a fulorosenti kuthe pofika 2027. Vutoli si lachilendo. Dan Flavin, amene anamwalira mu 1996, ankagula machubu ake amitundumitundu m'masitolo wamba, koma mafakitale atasiya kuwapanga osamala ntchito zake anayamba kuchita kuwaitanitsa mwapadera.

Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asainire. Mawa bwana akasintha, pepalalo ndi limene lidzakutetezeni.

7. Tsitsani, nyamulani, yeretsani

Ntchito yotsitsa ichitike Loweruka kapena usiku, malo atatchingidwa. Pamwamba gwiritsani ntchito sikafodi, osati makwerero, chifukwa chubu chimafuna manja onse awiri. Chigwireni pamalo owongoka, osati kumapeto kapena pa kachotupa kakang'ono kamene anatsekera mpweya, pamenepo m'posachedwa kuthyoka. Chubu chilichonse chigone pa siponji m'bokosi lake, nambala ili pamwamba. Chosweka musachitaye: chikulungeni bwino, mmisiri adzachifuna.

Poyeretsa yambani ndi burashi yofewa youma. Galasi lipukuteni ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi madzi a distilled, aja owonjezera m'batire (osati asidi), ndipo liume lisanayatsidwe. Samalani ndi utoto wakuda umene umapakidwa pa zigawo za chubu zosafunika kuoneka, umakanuka msanga. Ngati chalusocho chili ndi pulasitiki yoonekera, ya Perspex kapena Plexiglas, musaiyandikize sipiriti, thina, kapena mankhwala opukutira mawindo okhala ndi ammonia. Zimenezi zimaibweretsera timing'alu tambirimbiri tosachoka, ndipo magetsi akayaka kumbuyo timaoneka tonse. Madzi ndi kadontho ka sopo wofewa n'zokwanira. Chitsulo chimene chinada mwadala, kapena chopakidwa utoto ndi dzanja la waluso, chisiyeni kwa katswiri. Wokonda kupolisha akhoza kuchotsa m'mphindi zisanu chimene sichidzabwereranso.

8. Pangitsani zolowa m'malo

Mmisiri wopinda magalasi amagwira ntchito pa pepala lojambulidwa kukula kwenikweni kwa chubu. Goneketsani chubu chakale papepala, muzungulize pensulo, mulembe pamene pali timagoli tokwera ndi totsika komanso mbali imene mapeto aloza. Lembani momveka kuti uku ndi kutsogolo, chifukwa amisiri amapinda akuyang'ana kumbuyo kwa chithunzi, ndipo pepala losalembedwa likhoza kukubweretserani chubu chotembenuka.

Mtundu ndiye mutu waukulu. Mawu akuti "choyera" kapena "chabuluu" sathandiza, poti opanga magalasi ali ndi zoyera zambiri, zina zopita kuchikasu, zina zopita kubuluu. Tumizani chidutswa cha chubu chakale, mmisiri aone ngati galasi lenilenilo lili ndi mtundu kapena mtunduwo ukuchokera ku ufa wa m'kati. Pemphani akupangireni tizitsanzo tiwiri kapena titatu, mutiyatse pafupi ndi chubu chakale chimene chikuyakabe, pamalo enieniwo. Kumbukirani kuti chakalecho chazilala, ndiye chatsopano chidzachiposa kuwala. Machubu akufa akachuluka pa mtundu umodzi, n'kwabwino kupangitsa mzere wonse n'kusunga akalewo m'bokosi. Chubu chimene galasi lake lili bwino koma tizitsulo ta kumapeto tatha, mmisiri waluso akhoza kuchiika tizitsulo tatsopano n'kuchidzazanso mpweya. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa galasi limene waluso analiona ndi maso ake limatsala.

Amisiri a neon akuchepa kulikonse, ndipo mwina mudzatumiza ntchito kutali. Ikani nthawi yokwanira, ndipo pa chubu chilichonse chovuta kupinda muitanitse ziwiri.

Mawaya a mphamvu yaikulu asintheni onse, ngakhale akuoneka abwino, pamodzi ndi timagolovesi ta labala tovala kumapeto kwa machubu. Izi n'zachitetezo, ndipo aluso ambiri amavomereza malinga njira ya waya ndi mtundu wake zikhale zomwezo pamene zikuoneka. Thiransifoma yatsopano ifanane ndi yakale pa mamiliampu. Mukaika ya 60 pamene panali ya 30, chubu chidzawala mopitirira, chidzatentha, ndipo chidzafa msanga. Pa mathiransifoma olemera akale aja, wamagetsi ayeze ataalumikiza: ya 30 yosenza katundu woyenera imaonetsa cha m'ma 24.

Ngati chalusocho kapena zipangizo zake zachokera ku America koma chikuyakira ku Lilongwe, Lusaka, Johannesburg kapena London, pali msampha wina. Ku America magetsi ndi mavolti 120 pa 60 Hz, kuno ndi 230 pa 50 Hz (Hz ndi kangati magetsi amasinthasintha pa sekondi). Kutsitsa mavolti n'kosavuta, koma 50 Hz imatsalabe. Kamota kopangidwira 60 Hz kamayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo 6, moti kuzungulira kwa mphindi imodzi kumatenga masekondi 72, ndipo thiransifoma yake imatentha kuposa mmene iyenera. Pa chaluso choyenda, kusiyana kumeneku kumasintha ntchito yonse.

9. Yesani pansi, kenako kwezani

Lumikizani zonse pa tebulo kapena pansi m'chipinda chokhoma, ziyake masiku angapo. Machubu atsopano a argon amatenga nthawi kuti kuwala kukhazikike, ndipo chimene chinapangidwa molakwika chimadziulula m'masiku oyambirirawa. Ndi bwino chife chili pansi kusiyana ndi kudzabwerekanso sikafodi.

Pokweza tsatirani mapu anu, ndipo timapepala ta manambala muchotse pomaliza penipeni. Mukayatsa, imani pa zizindikiro zija munaika pansi, muyezenso kuwala, muyerekeze ndi vidiyo yakale mutagwira wotchi. Chioneni m'mawa, masana ndi usiku. Yang'ananinso malo ozungulira, chifukwa mwina chalusocho chili bwino koma chipinda chinasintha. Maofesi ambiri anachotsa mababu achikasu a 2,700 K n'kuika ma LED oyera mbuu a 6,500 K, ena anaika TV yaikulu yotsatsa malonda pambali pake. Kuwala kotero kumameza neon. Kambiranani ndi oyang'anira nyumba achepetse kapena atembenuze mababu amene akuthira kuwala pa chalusocho. Waluso kapena omuimira abwere adzaone, ndipo kuvomereza kwawo kulembedwe.

10. Siyani dongosolo loti chisazimenso

Kampani zambiri zimalipira kukonza, n'kuiwala kuika ndalama ya chisamaliro mu bajeti. Pemphani mzerewo pamene mabwana akadali okondwa ndi kuwalako.

Ikani tayimala kuti chiziyaka nthawi imene anthu alipo. Maola 12 patsiku m'malo mwa 24 amawirikiza kawiri moyo wa zipangizo zambiri. Kumene magetsi amazimazima kapena nyumba imasinthira ku jenereta, ikani chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo kabokosi koyendetsa kakhale pa UPS, batire lija logwirizira magetsi akazima, poti kubwerera kwa magetsi ndi kumene kumapsereza mabolodi. Onetsetsani kuti pamene pali mathiransifoma pakupita mphepo ndiponso kuti munthu angafikepo osagumula siling'i.

Okolopa ndi alonda muwaitane muwafotokozere pamaso, osangomata chikalata: asapopere mankhwala aliwonse pafupi, asapachikepo zokongoletsa za Khirisimasi, ndipo akaona kuphethira, akamva kuthetheka kapena fungo la kupsa, azimitse pa swichi yakutiyakuti n'kuimbira wakutiwakuti. Fumbi lipukutidwe ndi munthu wophunzitsidwa, magetsi atazimitsidwa, ndipo wamagetsi azibwera kamodzi pachaka kudzaona mawaya ndi kuyeza kuwala pa zizindikiro zomwe zija.

Zotsala zonse zikhale pamodzi m'kabati yokhoma, youma: machubu apadera m'mabokosi awo, thiransifoma imodzi kapena ziwiri, zidutswa zakale zimene munachotsa, mapepala a mmisiri okulungidwa osati opindidwa. Fayilo ya ntchito yonse, mapu, zithunzi, mavidiyo, dongosolo la m'kompyuta, mayina a magalasi ndi kumene munawagula, ipangidwe makope atatu. Lina likhale ku ofesi ya woyang'anira nyumba, lina kwa waluso kapena omuimira, lachitatu liphatikizidwe ku mapepala a nyumbayo kuti ikadzagulitsidwa lidzapite kwa wogula pamodzi ndi makiyi a kabati.